Chipale cha M'buku, Matalala a pa Malata

Mwa mabuku a ana amene amafika ku Kitwe ndi ku Ndola m'makatoni a mphatso, kapena amene amayalidwa pansi m'mbali mwa msewu pamodzi ndi manovelo akale, muli kagulu kena kamene kamazunguza mphunzitsi. Ndi timabuku ta sayansi ta masamba pafupifupi 32, ta zilembo zikuluzikulu, chiganizo chimodzi kapena ziwiri pa tsamba, chithunzi n'kudzaza malo otsalawo. Tina timakamba za nyerere, tina za mwezi, tina za nyemba ikamamera, ndipo timeneti sitivuta. Tovuta ndi tija tokamba za madzi oundana ndi chipale chofewa, chija Angerezi amati snow. Aphunzitsi ena amatiika pansi pa kabati kuti chiswe chitidye mwaulemu. Ena amatipereka kwa mwana wa Giredi 2 poganiza kuti buku la mawu ochepa ndi buku losavuta. Onsewa akuphonya, ndipo akuphonya pa malo amodzi: amatenga ayezi ndi chipale ngati nkhani imodzi, chonsecho kwa mwana wa ku Chimwemwe kapena ku Chifubu ndi nkhani ziwiri. Ina anaigwira ndi dzanja dzulo lomweli. Inayo mwina sadzaigwira mpaka kukalamba.

Tiyambe ndi buku limene lili pakati pa abwino a mtundu umenewu, kuti tisalimbane ndi chinthu chofooka kale. Snow Is Falling, lolembedwa ndi Franklyn Branley, linatuluka koyamba mu 1963 m'gulu la mabuku lotchedwa Let's-Read-and-Find-Out Science, limene Branley yemweyo anathandiza kuliyambitsa mu 1960. Munthuyu anali mphunzitsi asanakagwire ntchito ya zakuthambo ku Hayden Planetarium mu mzinda wa New York, ndipo uphunzitsiwo umaoneka m'kalembedwe kake. Salankhula ndi mwana ngati akulankhula ndi chidole. Amamuuza kuti chipale n'chabwino ndiponso n'choipa: chimafunditsa mbewu ngati bulangete, chikasungunuka chimadzaza mitsinje ndi zitsime, koma chikachuluka chimatseka misewu n'kubisira nyama chakudya. Kenaka amamutuma kuti akaone yekha. Akatenge galasi lokulitsa zinthu, akayang'ane kachidutswa kamodzi, akawerenge nsonga zake. Akakwirire choyezera kutentha m'chipale, china akachipachike pamtunda, akafanizire.

Mphamvu yonse ya bukuli ili pa kutumako. Dzina la gulu la mabukuwa likunena zinthu ziwiri, kuwerenga ndi kukafufuza, ndipo chachiwiricho chili kunja kwa buku, kuseri kwa zenera. Tsono taganizani mwana wa ku Wusakile atawerenga bwinobwino, wamva zonse, ndipo wadzuka kuti akachite zimene wauzidwa. Kunja kuli fumbi, mtengo wa mango ndi mbaula ya makala. Theka lachiwiri la buku ladulidwa, ndipo latsala ndi theka lonena zinthu zoti munthu angokhulupirira. Apa ndiye pali vuto langa lalikulu, ndipo silokhudza kuti chipale n'chachilendo. Vuto n'lakuti buku lolembedwa kuti liphunzitse mwana kusavomereza chinthu asanachiyese limasanduka, pa Copperbelt, buku lomuphunzitsa kuvomereza chifukwa choti zalembedwa. Sayansi yasanduka katekisimu. Mwana adzayankha molondola kuti kachidutswa ka chipale kali ndi nsonga 6, monga momwe amayankhira kuti Nowa anali ndi ana aamuna atatu, ndipo njira imene wazidziwira zonsezi ndi imodzi.

Fanizirani ndi kabuku kena kosadzitama, It Could Still Be Water ka Allan Fowler, ka mu 1992, kochokera m'gulu la Rookie Read-About Science. Ngati tikuyeza kukoma kwa kalembedwe, Fowler safika pa Branley. Ziganizo zake n'zouma, zithunzi zake ndi za m'nyumba ndi m'madera a ku America, ndipo zaka zazionetsa ukalamba. Koma mfundo yake ndi imodzi, yonenedwa kale pa mutu: chinthu chingasinthe maonekedwe, chikhale nthunzi, mtambo, ayezi kapena chipale, n'kukhalabe madzi. Mfundo imeneyi mwana wa ku Masala angaiyese ndi ketulo, kapu ndi chivundikiro cha poto. Chipale chili momo, koma chili ngati mlendo wokhala pakati pa abale, ndipo mwana amachilandira chifukwa enawo akuwadziwa. Ndikadakhala ndi malo a buku limodzi lokha pa shelefu ya Giredi 2, ndikadatenga la Fowler, ngakhale kuti ine mwini ndimasangalala kwambiri ndi la Branley.

Pali chifukwa china chimene chimapangitsa kuti buku la mawu ochepa lisakhale losavuta, ndipo chimachokera pa mmene mwana amayambira kuwerenga. Woyamba kumene amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Amasandutsa zilembo kukhala maliwu, kenaka amafunsa khutu lake ngati chimene chatulukacho ndi mawu amene anawamvapo. Akawazindikira, amadziwa kuti wawerenga bwino, ndipo amapita patsogolo ndi mtima wolimba. Akapanda kuwazindikira, sadziwa ngati walakwitsa iye kapena ngati mawuwo ndi otero. Mabuku a chipale ndi odzaza ndi mawu ngati mittens, sled, icicle, amene mwana wa ku Minnesota anawamva ali kumsana. Kwa iyeyo chithunzi chimamukumbutsa mawu. Kwa wathu chithunzi nachonso n'chofunika kuchimasulira, ndiye ali ndi zitseko ziwiri zokhoma m'malo mwa chimodzi.

Onjezerani apo nkhani ya zilankhulo, imene pa Copperbelt ndi yopiringizika kuposa ku Chipata kapena ku Lilongwe. Kuyambira zaka za m'ma 1930, migodi ya Nkana, Roan Antelope, Mufulira ndi Nchanga inakoka anthu a mitundu yambiri, kuphatikizapo amuna ochokera ku Nyasaland ndi ku Fort Jameson, ndipo ambiri a ku Nyasaland ankapeza ntchito ya ukalaliki chifukwa cha sukulu za mishoni za kwawo. Zidzukulu zawo zilipo mpaka lero. Kunyumba agogo amalankhula Chinyanja, pabwalo pamaseweredwa Chibemba cha m'tauni, dziko lenilenilo ndi la Alamba, ndipo buku lili m'Chingerezi. Ndondomeko za boma nazo zakhala zikutembenuka. Lamulo la maphunziro la mu 1966 linaika Chingerezi kuyambira Giredi 1. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera New Breakthrough to Literacy, yoti mwana ayambe kuwerenga m'chilankhulo cha dera lake. Mu 2014 zilankhulo 7 za m'zigawo zinayamba kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa kuyambira Giredi 1 mpaka 4, ndipo Copperbelt inapatsidwa Chibemba. Ndondomeko ya mu 2023, imene sukulu zinayamba kuitsata mu 2025, yabwezeretsanso Chingerezi patsogolo. Kutanthauza kuti timabuku ta mphatso tija, timene tinali pambali, tikhoza kubwereranso pa desiki ya mwana wa zaka 7, ndiye funso la mmene tingatigwiritsire ntchito si lamasewera.

Chitsanzo chimodzi chaching'ono chikwanira. Mwana amene waphunzira maliwu m'Chibemba, kapena m'Chinyanja cholembedwa mwa kalembedwe ka ku Zambia, amadziwa kuti chilembo c chimaimira liwu lija a ku Malawi amalilemba ch, monga m'dzina loti Icibemba. Amadziwanso kuti i ndi i, e ndi e, palibe chilembo chogona tulo. Mukamupatsa mawu oti ice, awerenga mokhulupirika kuti "iche", ndipo sanalakwe. Watsatira zonse zimene anaphunzitsidwa. Koma mwana yemweyu amanena kuti "ayisi" tsiku ndi tsiku akamagula pa geti la sukulu. Mphunzitsi angamuonetse kuti zilembo zitatu zachilendozo ndi mnzake wakale wovala malaya ena, ndipo mwanayo aseka n'kukumbukira. Ndi mawu oti snow thandizo limenelo palibe. Ali ndi ow imene imamveka mosiyana ndi ya mu cow, ndipo kumbuyo kwake kulibe chinthu chimene lilime linalawapo.

Wina anganene kuti mankhwala ake ndi kumasulira. Tiyeni tione zimene zimachitika tikayesa. Omasulira Baibulo anakumana ndi vutoli kalekale. Buku Lopatulika la mu 1922 penapake limatchula chinthuchi kuti matalala, monga pa Yesaya 1:18, penapake kuti chipale chofewa. Pa nkhani ya kuyera kwa mtima, matalala ndi mawu oyenera, pakuti womvera akufunika kungoona chinthu choyera chogwa kumwamba. Koma m'buku la sayansi mawu amenewa ndi bodza. Matalala ndi olimba, amapweteka, amang'amba masamba a chimanga ndi fodya, amalira pa malata mpaka mphunzitsi kusiya kulankhula. Mwana akawerenga kuti ana a ku Canada amagona chagada m'matalala n'kumaseka, amaona ngati anawo mitu yawo siyenda bwino, kapena amaphunzira kuti mabuku amanena zinthu zosagwirizana ndi moyo ndipo palibe chifukwa chofunsira. Chipale chofewa ndi mawu aulemu wake, ndipo ndawagwiritsa ntchito m'nkhani ino, koma ana ambiri sawamva kwina kupatula m'tchalitchi. Chisanu nacho chili ndi ntchito yake kale: kuzizira kwa mwezi wa Juni, ndi kuyera kuja kumene kumapsereza masamba m'dimba la kudambo usiku ukazizira kwambiri. Maganizo anga ndi oti matalala tiwasiyire matalala, chisanu tichisiyire chisanu, ndipo pa chinachi tisachite manyazi kunena kuti chipale chofewa kapena sinowo, bola mwana auzidwe poyera kuti ichi ndi chinthu chachitatu chimene sanachione. Mawu achilendo oonekeratu kuti ndi achilendo ndi abwino kuposa mawu akwathu onamiza.

Tsopano ayezi. Amene amaika buku la ayezi pansi pa kabati pamodzi ndi la chipale sanayime pa geti la sukulu nthawi yoweruka. Pamenepo pali amayi okhala ndi kabokosi kosunga kuzizira, akugulitsa timapepala ta madzi otsekemera oumitsidwa, tija ku Zambia amati mafirizitsi, ku Malawi mafirizesi. Mwana aliyense ndi katswiri wa zinthu zimenezi. Amadziwa kuti ukayamwa kwambiri, utoto ndi kutsekemera zimatuluka msanga n'kutsala chinthu choyera chosakoma, ndipo sadziwa kuti wapeza mfundo yaikulu: madzi akamaundana amakankhira kunja zimene zasungunuka mwa iwo, n'chifukwa chake ayezi wa pamwamba pa nyanja zamchere sakhala ndi mchere wambiri. Amadziwa kuti botolo lodzaza kwambiri likaikidwa mu firiza limatupa kapena kusweka, pakuti madzi akaundana amakula ndi magawo pafupifupi 9 pa 100. Amaona nsomba zouma gwa ndi kuzizira zikugulitsidwa pafupi ndi Chisokone. Ndipo mu 2024, chaka chimene chilala chinatchedwa tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale, madzi a ku Kariba n'kutsika mpaka nyumba zambiri kumaona magetsi maola ochepa okha pa tsiku, ana a ku Kitwe ndi ku Ndola anaphunzira kusungunuka mwa njira yowawa. Anaona madzi akuchucha pansi pa firiji, ndiwo zikuonongeka, geni ya amayi ikuima. Pali buku liti lochokera kunja limene lingafike pamenepo? Mvula ikakana ku gwero la Zambezi, ayezi amasowa ku Kabushi. Chiganizo chimenechi n'choona, n'chachifupi, ndipo mwana wa zaka 7 angachiwerenge.

Pali chuma china chimene Copperbelt yokha ili nacho, ndipo ndimadabwa kuti olemba mabuku a ana sanachikhudze. Awa ndi matauni omangidwa pa kusungunuka ndi kuundana. Mkuwa umasungunuka pa madigiri 1,085, umathiridwa m'zikombole, n'kuuma. Phiri lakuda lija la pafupi ndi Wusakile, limene aliyense amalitcha Black Mountain, ndi zotsalira za ng'anjo ya Nkana zimene zinkatayidwa zili zamadzimadzi zotentha n'kuundana kukhala mwala. Ndi lomwe lija linagumuka mu Juni 2018 n'kupha okumba osachepera 10. Luso lothira mkuwa m'zikombole silinabwere ndi makampani: ku Ingombe Ilede, kufupi ndi Zambezi, ofukula zakale anapeza mipiringidzo ya mkuwa yooneka ngati mtanda, yoikidwa m'manda zaka mazanamazana zapitazo. Kwa wasayansi, mkuwa wouma m'chikombole ndi madzi ouma mu firiza ndi nkhani imodzi. Chosiyana ndi nambala ya pa choyezera, 1,085 uku, 0 uku. Mwana amene bambo ake kapena amalume ake amagwira ntchito ku ng'anjo ya ku Mufulira kapena ku Chambishi ali ndi khomo lolowera m'phunziroli limene mwana wa ku Vermont alibe. Ndipo akalowa, apeza chodabwitsa chenicheni, chimene mabuku ambiri a chipale amachidumpha chifukwa kwawo n'chozolowereka. Mkuwa ukaundana umafupika n'kulemera kuposa wamadzimadzi, monga zimachitira zinthu zambiri. Madzi amachita zosiyana, amakula n'kupepuka, n'chifukwa chake ayezi amayandama m'kapu m'malo momira.

Ndipatuke pang'ono: ngakhale pansi pa nthaka ayezi ndi wantchito mnzathu. Mgodi wa golide wa Mponeng, kufupi ndi Carletonville ku South Africa, ndi wozama makilomita pafupifupi 4, ndipo mwala wa pansi pake ndi wotentha moti amatsitsirako phala la ayezi kuti anthu athe kugwira ntchito. Kwa ife zidzukulu za anthu a Wenela, imeneyo ndi nkhani yapafupi kuposa chidole chilichonse chowumbidwa ndi chipale.

Ndiye chipale tichitaye? Ayi, ndipo apa ndikusiyana ndi anzanga ena okonda kunena kuti mwana aziwerenga zakwawo zokha. Amakonda kutchula Chimamanda Ngozi Adichie, amene m'nkhani yake yotchuka ya mu 2009 anafotokoza kuti ali mwana ku Nsukka ankalemba nthano za ana achizungu osewera m'chipale ndi kudya maapozi, chifukwa ndi zokhazo zimene anazipeza m'mabuku. Koma amaiwala kuti iye sananene kuti mabukuwo akadawotchedwa. Chimene chinamupweteka n'chakuti analipo okha, mpaka pamene anapeza Chinua Achebe ndi Camara Laye. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Komanso n'kudzinamiza kuganiza kuti mwana wa ku Ndola sadziwa chipale. Amachiona mu Disembala, mvula ili pakati, atachipanga ndi thonje pa mitengo ya Khirisimasi m'mashopu. Amachiona m'filimu ya Frozen. Amavala jekete zake, pakuti mabelo a salaula ndi odzaza ndi zovala zosokedwera nyengo imene sifika kuno. Amachidziwa ngati chokongoletsera cha anthu olemera, chinthu cha m'dziko limene zonse zili bwino. Buku labwino la sayansi lingachite chinthu chimodzi chimene filimu singachite: kuchitsitsa pa mpando umenewo n'kunena kuti amenewa ndi madzi basi, omwewa a mu Kafue ndi mu Kafubu, ndipo akasungunuka kumakhala matope ngati a ku Chipulukusu.

Chofunika ndi kusiyanitsa buku limene mwana awerenge yekha ndi buku limene mkulu amuwerengere. La ayezi n'loyenera dzanja la mwana, chala chili pansi pa mawu, kachidutswa ka ayezi kali m'mbale patsogolo pake. La chipale n'loyenera pakamwa pa mphunzitsi, amene angaime, kumasulira, kulola mafunso, ndi kuvomera kuti nayenso akuona pa chithunzi. Likawerengedwa motero, ngakhale Snowflake Bentley la Jacqueline Briggs Martin, la mu 1998, limene mawu ake ndi ovuta kwa woyamba kumene, limagwira ntchito. Limasimba za Wilson Bentley, mlimi wa ku Jericho m'chigawo cha Vermont, amene mu 1885 anatha kujambula kachidutswa kamodzi ka chipale kudzera m'makina okulitsa zinthu, n'kupitiriza mpaka zithunzi zoposa 5,000, anansi ake akumuona ngati wopepera. Chimene chimawoloka nyanja m'bukuli si chipale ayi, koma khalidwe la munthu amene anasankha kuyang'anitsitsa chinthu chimene ena onse ankachipondaponda. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana akamva zimenezi angapite kukayang'ana mchere wa kukhitchini kapena mwala wobiriwira wa mkuwa ndi diso lomwelo.

Koma pali cholakwa chimodzi chimene pafupifupi mabuku onse a chipale ochokera kunja amachibzala mosadziwa, ndipo mphunzitsi ayenera kuchizula. Amapangitsa mwana kuganiza kuti chipale chili uko, kumpoto, kwa azungu. Zoona zake n'zakuti chipale chili kumwamba, ndipo kumwambako si kutali. Mukakwera kilomita imodzi, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka. Kitwe ili pa mamita pafupifupi 1,200 kuchokera pamwamba pa nyanja, Ndola pa 1,300, ndipo m'madera athu otentha malo amene madzi amayamba kuundana ali cha pa makilomita 5. Ndiye kuti pamwamba pa msika wa Masala, mtunda wosakwana makilomita 4, waufupi kuposa ulendo wa minibasi yochokera ku Lubuto kupita m'tauni, pali kuzizira koumitsa madzi. Mitambo ikuluikulu ya mabingu imene imaunjikana masana a Novembala ili ndi tizidutswa ta ayezi kunsonga kwake, ndipo mvula yake yambiri imayamba ili youndana n'kusungunuka ili m'njira. Imene yakula kwambiri moti yalephera kusungunuka ndiyo imatigogodera pa malata.

Apa pali funso limene mwana aliyense wa kuno angalifunse ngati wina atamupatsa mpata: n'chifukwa chiyani matalala amagwa nthawi yotentha, koma mu Juni, pamene tikunjenjemera pa mzere wa m'mawa, sagwa? Limeneli ndi funso la sayansi leniyeni, lobadwira pa khonde lathu, ndipo yankho lake limadutsa m'mtambo n'kukafika ku chipale popanda kukwera ndege. Limakafikanso ku Kilimanjaro, phiri la mamita 5,895, limene lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera ku Ndola, waufupi kuposa paipi ya mafuta ya TAZAMA ya makilomita 1,710 yochokera ku Dar es Salaam. Limakafika ku Rwenzori, ku mapiri a Lesotho, ngakhale ku Johannesburg kumene chipale chinagwa pa 10 Julayi 2023 anthu n'kutuluka m'maofesi kukajambula. Ayezi wa pa Kilimanjaro wachepa ndi magawo oposa 80 pa 100 kuyambira 1912, ndiye ana amene akuyamba kuwerenga lero akhoza kudzaliona phirilo lili mbee.

Nkhani ya phiri limeneli ili ndi nthabwala yake. Mu 1848 m'mishonale wa ku Germany, Johannes Rebmann, analemba kuti waona chipale pa nsonga yake. Katswiri wina wa za mapu ku London, William Desborough Cooley, anakana kwamtuwagalu, nati sizingatheke pafupi chotero ndi pakati pa dziko, ndipo anakhala akukana kwa zaka zambiri. Iye sanafunse Achagga okhala m'munsi mwa phirilo. Cooley analakwa, koma taonani ufulu umene anali nawo: munthu wamkulu wophunzira analoledwa kukayikira chimene sanachione. Ife timapatsa mwana wa Giredi 2 chithunzi cha chinthu chimene sanachione, ndipo akakayikira timamuchonga kuti walakwa.

Chimene chikusowa pa shelefu, tsono, ndi buku limene ife sitinalembe. N'zosavuta kunyoza katoni ya mphatso. N'zovuta kufotokoza chifukwa chake dera limene lili ndi Copperbelt University, lili ndi Mission Press ku Ndola, ndiponso linakhala ndi Africa Literature Centre ku Mindolo yophunzitsa olemba ndi ojambula ochokera m'maiko ambiri a mu Africa, lisadzaze mashelefu ake ndi timabuku ta matalala m'Chibemba, m'Chilamba ndi m'Chinyanja. Mtengo wosindikizira sulinso chowiringula chokwanira, pakuti African Storybook, imene bungwe la Saide linayambitsa mu 2014, imalola aliyense kulemba, kumasulira ndi kusindikiza timabuku kwaulere. Olemba athu ambiri amaona ngati buku la ana ndi kalulu ndi fisi basi, ndipo akafuna kuphunzitsa amamaliza ndi mwambi wa makhalidwe. Kabuku ka sayansi kamafuna mwambo wina. Masamba 12, mawu osapitirira 8 pa tsamba, lililonse loona, lililonse lotheka kuliyesa. Tola talala lalikulu mvula ikangokata. Lidule pakati ndi mpeni. Muli mizere yozungulira ngati ya anyezi, ina yoyera, ina yoonekera, chifukwa linakula likudutsa m'magawo osiyana a mtambo. Liike m'kapu. Dikira.

Ndipo wolemba kabuku kameneko akadzafika pa tsamba lomaliza adzakumana ndi vuto limene Branley ndi Fowler sanakumane nalo, pakuti ndi la chilankhulo chathu. Ife timati ayezi wasungunuka, timatinso shuga wasungunuka mu tiyi. Mneni ndi mmodzi, koma zochitika ndi ziwiri. Ayezi amasanduka madzi chifukwa cha kutentha, popanda china chomuthandiza. Shuga amamwazikana m'madzi amene analipo kale, ndipo mukawaphwetsa pa moto amatsalira pansi pa poto. Chingerezi chili ndi mawu awiri, melt ndi dissolve, ndipo ana athu amawasokoneza mpaka ku sekondale, chifukwa m'mutu mwawo onsewo amamasulira mawu amodzi. Palibe buku la m'katoni limene lingakonze zimenezi, pakuti olilemba sadziwa kuti mpata umenewu ulipo. Pafunika masamba awiri oyang'anizana, kumanzere kapu ya matalala, kumanja kapu ya tiyi ndi supuni, pansi pa zonse mneni yemweyo, ndipo pa tsamba lotsatira funso loti ndi kapu iti imene ingabwerere mmene inalili magetsi akayaka.